Juzi Yotalika Mkono Umodzi

Panali mayi wina kumapiri kozizira uko, anthu ankawatchula a Nangondo. Ntchito yawo inali kuluka. Singano za m'sitolo analibe. Ankalukira masipoko awiri a njinga ya malemu amuna awo, amene anawanola pamwala mpaka kusalala. Ulusinso sankagula watsopano. Ankapita pa kaunjika, kusankha majuzi obooka amene aliyense wawadumpha, kukawamasula kunyumba, kuviika ulusiwo m'madzi ofunda kuti uwongoke, n'kuyamba kuluka. Ana awo sanadziwe kuti chisanu n'chiyani. Mwana akakula, juzi yake inkamasulidwa n'kulukidwa ya mng'ono wake. Ya mng'onoyo ikatha, inkasanduka zipewa ndi masokosi.

Koma ndisakunamizeni kuti anali mayi ofatsa. Pa zoluka analibe chisoni. Ankatha kuyang'ana msana wa mnzawo m'tchalitchi, ulaliki uli mkati, n'kupeza pamene singano inadumpha, ndipo potuluka ankamuuza. Anayamba kuphunzitsa mwana wawo wamkazi, dzina lake Elube, kuluka ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mtsikanayo ankaluka tsiku lonse, n'kubweretsa kansalu kake akumwetulira. A Nangondo ankakatambasula padzuwa, kuloza kabowo kamodzi, n'kunena mawu awiri okha: "Masula, uyambirenso." Elube ankalira, koma ankamasula. Pofika zaka khumi ndi zisanu, dzanja lake linali litawongoka kuposa la atsikana onse a m'deralo.

Make mbuu, mwana mbuu. Elube anakula, anaphunzira, anakhala mphunzitsi pa sukulu ina ya kuboma, kutali ndi kwawo. Kumeneko ankaphunzitsa atsikana kusoka ndi kuluka. Zovala zake zonse ankasoka yekha kunyumba, ndipo palibe anaonapo msoko wokhota pathupi pake. Ana asukulu ankamuopa. Kumbali anamupatsa dzina loti a Masula, chifukwa mawu a amayi ake aja anali atasamukira m'kamwa mwake.

Zaka zinapita. Ng'ala inagwa m'maso mwa a Nangondo, poyamba diso limodzi, kenako linalo. Anayamba kuzindikira anthu ndi mawu. Anasiya kupita kumunda, anasiya kuphika. Chakudya ankawapatsira mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wamwamuna. Munthu amene anaveka mudzi wonse anasanduka wongokhala pakhonde, kudikira kuti wina awasunthire mphasa dzuwa likasuntha. Chimenechi chinkawapweteka kuposa masowo. Ankafuna kudziwa ngati akadali ndi kanthu koti n'kupatsa munthu.

Chaka china, anthu ali pakati pa kupalira, anamva kuti kumene akukhala Elube kumazizira koopsa mwezi wa Juni. Anaitanitsa masipoko awo. Mpongozi anayesa kuwaletsa, iwo anamukalipira mpaka anawapatsa. Anatulutsa thumba la ulusi wotsalira wa zaka zonse: wobiriwira, wofiirira, ndi wotuwa umene unachokera ku juzi ya malemu amuna awo. Mitundu sankaionanso. Ankaluka ndi zala, akuwerenga chamumtima. Ulusi ukatha ankamanga mfundo n'kulumikiza wina uliwonse umene dzanja lagwira. Pakati pa ntchitoyo anadwala malungo, anagona milungu itatu, anadzuka n'kupitiriza pamene ankaganiza kuti analekezera. Chimanga chinakhwima, chinauma, chinalowa m'nkhokwe, iwo akadali pa juzi imodzi yomweyo. Inawatengera miyezi isanu.

Itatha anaikulunga m'chitenje, n'kupatsira mayi wina wogulitsa mbatata amene ankapita kubomako. Uthenga unali umodzi: Elube akamabwera patchuthi, abwere ataivala.

Elube analandira phukusilo Loweruka masana. Anatulutsa juziyo n'kuitambasula padzuwa monga anaphunzitsidwira. Mkono wakumanzere unali wotalika ndi zala zinayi kuposa wakumanja. Khosi linali lothina. Pachifuwa, ulusi wobiriwira unkathera pakati pa mzere, wofiirira n'kuyambira pomwepo. Mfundo zonse zinali kunja. Pachigongono chakumanzere panali mfundo yaikulu ngati nyemba, pambali pake kabowo koti chala n'kulowa.

Anakhala pansi n'kulira. Musaganize kuti anali mwana wopanda mtima. Amayi ake ankawakonda, ndipo analira chifukwa anaona ndi maso ake pamene ukalamba wawafikitsa. Atapukuta misozi anayamba kuganiza, ndipo m'kuganizamo ndi mmene zinthu zinakhotera. Anati mumtima mwake: amayi anga anatchuka ndi kuluka, ndilole kuti anthu awaseke pa ukalamba wawo? Anatinso: ine ndine mphunzitsi wa zoluka, ndikavala chimenechi ana aja anena chiyani? Ganizo loyambalo linali chikondi, lachiwirilo linali manyazi, koma iye anawaphatikiza n'kuwatcha onse chikondi. Akanatha kuivala kunyumba kokha. Akanatha kuisunga n'kudzaivala tsiku la ulendo. Koma panabwera ganizo lachitatu, limene linatseka zonsezo: ndipotu amayi saona.

Anapeza nsonga ya ulusi pakhosi, n'kukoka.

Inu amene mumaluka mukudziwa kuti kumasula sikuchedwa. Ntchito ya miyezi isanu inatha dzuwa lisanapendeke. Akafika pa mfundo ankadula ndi sizasi. Timfundoto anatisesa n'kukataya kudzala. Ulusiwo anauviika, anauwongola, anaupatula mitundu. M'milungu iwiri analuka juzi ina, yotuwa thupi lonse, mizere yobiriwira pachifuwa, m'mphepete mofiirira. Inali yokongola, tisabise. Ataivala kusukulu, aphunzitsi anzake anaigwiragwira n'kufunsa kumene anagula. Iye ankayankha monyadira kuti amayi ake, amene saona, ndiwo analuka. Anthu ankagwira pakamwa. Bodzalo linamukomera mpaka iye mwini anayamba kulikhulupirira.

Tchuthi chitafika anakwera basi ataivala. M'chikwama ananyamula shuga, sopo, ndi ulusi watsopano wa m'sitolo woti akawapatse amayi ake.

Anawapeza pakhonde, akuwothera dzuwa. Atapatsana moni, a Nangondo sanafunse za ulendo.

"Wavala?"

"Ndavala, amayi. Ndi yofunda kwabasi."

"Sendera kuno. Ndimafuna ndikupepese za mkono wakumanzerewo. Ndi pamene anandigwira malungo, ndinasokoneza kuwerenga. Pali chimfundo pachigongonopo, uzipinda mkonowo chisamaoneke."

Nthawi yonseyi Elube ankaganiza kuti amayi ake sakudziwa chimene analuka. Koma iwo ankadziwa. Ankadziwa mfundo iliyonse, ndi tsiku limene anaimanga. Anali atasunga nkhani zake kuti adzamuuze mwana wawo akadzabwera: iyi ndinamanga tsiku la maliro a mnzanga uja, iyi tsiku limene mbuzi inalowa m'nyumba n'kukoka ulusi.

Elube anagwada pafupi nawo. Zala za mayi wokalambayo zinayambira m'munsi mwa juzi, zinakwera m'mbali, zinafika pamkono. Zinaima pachigongono. Zinafufuza, zinatsika, zinakweranso. Zinapita ku mkono winawo, mwina poganiza kuti waivala motembenuza. Kenako zinazungulira khosi pang'onopang'ono, n'kubwerera pamiyendo pa mwini wake.

"Ulusi ndi womwewo," anatero a Nangondo. "Dzanja si langa."

Elube anayamba kufotokoza. Mawu anatuluka ambiri, onse opanda mutu. Amayi ake anamudula mofatsa, kufatsa kumene sanakhale nako moyo wawo wonse.

"Waluka bwino, mwanawe. Palibe poti ndinene kuti masula. Ndinakuphunzitsa ndine."

Akanamukalipira zikanakhala bwino. Elube anatulutsa ulusi watsopano uja, anauika m'manja mwawo, napempha kuti amulukire ina, ndipo imeneyo adzaivala mmene ilili. Iwo anaupapasa, anauyamikira kufewa, anati zala zikuwawa masiku ano. Tsiku lomwelo anaitana mpongozi wawo n'kumuuza kuti atenge masipoko aja akawasomeke kutsindwi. Sanawaitanitsenso.

Elube anakhala kumudziko mlungu wathunthu. Amayi ake anacheza naye za mvula, za matenda, za ana a achimwene ake, koma za juzi sanatchulenso. Amene anamuuza zotsala anali alamu ake, mpongozi uja, ali kuchitsime. Anati miyezi isanu yonseyo mayiwo anali ngati abwerera ku utsikana. Ankadzuka m'mawa osadikira kudzutsidwa. Ankakalipira ana, ankaseka, ankaitana aliyense wodutsa kuti aime amuyese mkono. Basi ikalira kumsewu ankafunsa ngati sukulu zatsekera. Alamuwo sananene izi pofuna kumupweteka, ankangofotokoza. Elube anasenza ndowa yake n'kubwerera kunyumba.

A Nangondo anamwalira mvula yoyamba itagwa, chisanu china chisanafike.

Patapita masiku, abale atakhala pansi kugawana zovala za malemu, Elube anati iye safuna chitenje, safuna bulangete. Angomupatsa chinthu chimodzi choluka amayi ake. Anafunafuna m'sutikesi, m'madengu, kwa achimwene ake, kwa anansi. Panalibe. Majuzi onse a zaka zija anali atamasulidwa ndi a Nangondo eni ake, kusanduka zipewa, zipewa n'kusanduka masokosi, masokosi n'kutha. Ulusi umene unapulumuka wonse unalowa mu juzi yomaliza ija. Chimene anapeza ndi ulusi wake wa m'sitolo, uli m'pepala mmene anabweretsera.

Atabwerera kwake anayesa chinthu chimene mwina mungachiseke. Anatenga ulusi uja n'kuyesa kuluka mkono wokhota ngati wa amayi ake. Anatseka maso. Anadumphitsa singano mwadala. Anamanga mfundo pamene panalibe chifukwa chomangira. Sizinatheke. Dzanja lake linali lophunzira kwambiri, ngakhale zolakwa zake zinkatuluka zoyenda pamzere. Madzi akatayika sawoleka, ndipo Elube anazindikira zimenezi atagwira ulusi m'manja.

Tsiku lina akufuna batani m'kachitini kake ka zosokera, anagwira kanthu kolimba pakona. Inali mfundo imodzi, mbali ina yotuwa, mbali ina yobiriwira, imene inagweramo tsiku lija akudula. Sinali yaikulu ija ya pachigongono. Inali ina yaing'ono, ndipo panalibenso womuuza tsiku limene inamangidwa. Anaimanga pansonga ya chitenje chake, ndipo amayenda nayo. Juzi yokongolayo ili m'sutikesi. Kuivala sangathe, kuimasulanso sangathe. Mwezi wa Juni amapita kusukulu atafunda chitenje.

Amayi anzanga, sindikunena kuti ntchito yokhota tiziiwombera m'manja. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri muuzeni amasule, ali ndi mawa ambiri oti ayambirenso. Koma alipo munthu amene alibe poyambiranso. Chimene wakupatsani ndi mphamvu zake zomaliza, ndipo akufuna kudziwa ngati akadali munthu pakhomopo.

Ambiri a ife tili naye kunyumba. Amasesa pabwalo n'kusiya zinyalala, ife n'kutenga tsache kubwereza pomwepo, iye akumva. Amatsuka mbale, ife n'kuzibweza m'madzi. Timati saona. Inenso ndinabwerezapo kusesa pamene anasesa apongozi anga, ndipo ndikakumbukira tsiku limenelo, mtima umandipweteka mpaka pano. Tonse timadziwa kunena kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Pakamwa timakhoza, koma manja athu amathamangira kukonza.

Tsono mukabwerera kwanu, wina akakupatsani juzi yotalika mkono umodzi, musafufuze nsonga ya ulusi. Pindani mkonowo, muivale. Khalani pansi pafupi naye, akuuzeni za mfundo iliyonse akadali ndi mpweya.