Khofi wa pa Mlatho

Mtsinje wa m'mudzi muno ndiwo timamwa, ndiwonso timachapira. Kampani ina ya magetsi itafuna kuutsekera m'mapaipi, amayi ananyamula mipando n'kukakhala pa mlatho, njira yokhayo yolowera makina. Ankasinthana, uku akuluka masokosi. Lamulo linali limodzi: osakhudza munthu, osakhudza galimoto.

Kuno mlendo sabwerera kukhosi kuli gwa, angakhale mdani. Choncho m'mawa uliwonse mayi Zumreta ankathirira khofi Vlado, woyendetsa chigalimoto chokumba cha kampaniyo. Mwana wawo Fikret, bambo wa ana awiri, zimenezi zinkamudya mtima.

"Amayi, miyezi isanu ndi itatu mukunenepetsa munthu wodzatiphera mtsinje. Mawa mumuphera nkhosa?"

"Ukali wakowo kawazire nkhuni," anayankha mayi akewo. "Chisanu chatilowa m'mafupa."

Fikret sanamve. Tsiku lina masana anatola mwala n'kuswa galasi la chigalimotocho. Apolisi, omwe miyezi yonseyi ankasowa pogwira, anapapeza. Anakoka amayi ngati matumba a mbatata, gogo wina anathyoka mkono, Fikret n'kumutsekera. Nyuzipepala zinati m'mudzi muno muli zigawenga. Dzuwa lisanalowe, makina awiri anali atawoloka.

M'mawa mwake amayi anabwerera pa mlatho, ena atamanga mabandeji. Mayi Zumreta anathira khofi n'kupatsa Vlado ngati kale. Kapitawo wa kampani anafika akutukwana.

"Liza galimoto iwe! Akaona matayala adzuka okha."

Vlado anayang'ana amayiwo mmodzimmodzi, n'kutulutsa kiyi.

"Bwana, kapu ya amayiwa ikadali yotentha m'manja mwangamu. Yendetsani nokha."

Ntchito inamuthera pomwepo. Koma nkhani inamveka m'chigwa chonse, ndipo panalibenso dalaivala wofuna kutchedwa woponda amayi. A m'midzi ina anayamba kubwera ndi mipando yawo. Patatha chaka, khoti linafafaniza chilolezo cha kampaniyo.

Sizinathe zonse bwino ayi. Gombe lomwe makina awiri aja anakumba likugumukabe mvula ikagwa, ndipo Fikret amadutsapo mutu uli pansi. Ndani angamuseke? Mwala umenewo tonse tinkaulakalaka mumtima. Koma madzi akuyenda, ndipo kampani ina itabwera chaka chatha kudzayeza mtsinje, inapeza ana aakazi a amayi aja atakhala kale pa mlatho, n'kubwerera.

Mwala unatsegulira makina njira tsiku limodzi. Kukhala pansi kunaitseka mpaka lero. Akulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.