Mng'alu Pansi pa Penti

Ku Nabvutika, komboni ya ku Chipata, kuseri kwa nyumba ya njerwa zosapaka pulasitala, kunali kashedi ka malata komwe a Paison Mwanza ankalembera zikwangwani. Theka la mashopu a m'komboni linkadziwika ndi dzanja lawo. Anali munthu wofatsa, koma pa nkhani ya penti sankamva za munthu.

Mwana anali naye mmodzi, Tryness, yemwe anamulera okha chimwalirireni mayi ake. Tryness atamaliza maphunziro a uphunzitsi, boma linamutumiza kusukulu ina ku Chiparamba. Nyumba imene anapeza inali patali ndi sukuluyo, njira yake yamiyala, yokwera ndi kutsika. Choncho a Paison anamugulira njinga yakale ya magiya, ya matayala onenepa, yopangidwira njira za m'mapiri. Inali yotuwa ngati bulu, ndipo iwo anati mwana wawo sangakwere chinthu chotero.

Anaiphwasula yense, natsala ndi felemu yokha. Anapala penti yakale ndi sanipepa, n'kuyamba ndi yoyera kuti mitundu ya pamwamba iwale. Mitunduyo anaitenga m'mutu mwawo, pa jekete ya salaula, yogula pamsika wa zovala zakale, imene mayi a Tryness ankavala akali mtsikana: pinki wothobwa m'maso wosungunukira mu chikasu, ndi mizere yobiriwira yokhotakhota ngati mphezi. Pamwamba anawaza timadontho takuda ndi mswachi, kenaka analemba dzina la mwanayo m'mbali. Ntchitoyi inawadyera masabata atatu, ndipo odutsa ankaima pakhomo kumangoti kukamwa yasa.

Lachisanu anaitana mlamu wawo, a Matiyasi, amalume ake a Tryness, amene ankakonza njinga ndi kuwotcherera zitsulo pamsika, kuti adzamange mawilo ndi mabuleki. A Matiyasi anagadabuza felemu ija, nayendetsa chala pansi pa khosi, pomwe zitsulo ziwiri zimakumana. Chalacho chinaima.

"Alamu, apa pali mng'alu."

"Ndinapaona popala," anatero a Paison. "Ndi kukandika chabe. N'kochepa ngati tsitsi."

"Kukandika sikuzungulira chitsulo chotere. Ndipatseni ndikawotcherere mawa m'mawa."

"Ndipo moto wanuwo ukasiya chiyani? Pinki uyu anachokera ku Lusaka, chitini chatha. Mwana anyamuka Lamulungu. Mufuna apite ndi njinga ya chipsera pakhosi?"

"Chipsera chilibe kanthu, alamu. Penti sinyamula munthu."

A Paison anati amva, aganizapo. Koma mlamu wawo atangopotoloka, anakanda phala lomatira mabowo a galimoto, natseka mng'alu uja, nasalaza bwinobwino. Pamwamba pake anajambulapo nyenyezi yakuda, ndipo inakhala ngati inali m'mapulani kuyambira kale. Loweruka a Matiyasi atafunsa, anawayankha kuti apita nayo kwa mmisiri wina ndipo zatheka. Mawilo anamanga okha.

Tryness ataiona njingayo anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge. "Atate, ndi jekete ya amayi ya pachithunzi chija," anatero. Ku Chiparamba ana asukulu ankaizindikira ikali kutsidya kwa dambo, ndipo anamupatsa dzina loti Madamu Mphezi. Miyezi iwiri inatha, ndipo mtima wa a Paison unakhala pansi.

Mvula itayamba, njira inakumbika. M'mawa wina Tryness akutsetsereka kulowera kudambo, makope a ana ali kumsana, wilo lakutsogolo linagunda kamgula. Khosi la njinga linathyoka ngati phesi. Alimi opita kukapalira nsawawa ndiwo anamupeza ali chagada pamiyala, akuyankhula bwinobwino koma miyendo osaimva.

Kuchipatala ku Chipata madokotala anati msana wavulala, ndipo za kuyenda asayembekezere zambiri. Mlimi wina anabweretsa njinga ija ili zidutswa ziwiri. A Matiyasi anayang'ana pothyokapo, naona dzimbiri m'kati mwa chitsulo ndi phala loyera likunyenyeka pansi pa nyenyezi. Anayang'ana mlamu wawo nthawi yaitali. A Paison akanakonda atatukwanidwa.

Tsiku lachitatu, a Paison akumumwetsa madzi, Tryness anati, "Atate, mundikhululukire. Ndinathamanga kwambiri. Ndakuwonongerani ntchito yanu yonse ija."

A Paison anachotsa kapu pakamwa pa mwanayo. Akanatha kukhala chete, mwanayo n'kusenza yekha mlanduwo moyo wake wonse. Anaika kapuyo pansi, nafotokoza zonse: za mng'alu, za mawu a amalume ake, za phala, za bodza la Loweruka.

"Munadziwa?" anafunsa Tryness.

"Ndinadziwa, mwanawe."

Thupi silikanatha kutembenuka, choncho anangotembenuzira nkhope kukhoma. Masabata awiri sanawayankhule, ngakhale kuti tsiku lililonse atate akewo ankabwera n'kukhala pambali pa bedi mpaka nthawi yoona odwala itatha.

Atatuluka m'chipatala anabwerera ku Nabvutika. A kutchalitchi anamupezera njinga ya olumala, yakale, yosupuka, ya dzimbiri m'mapindiro. A Paison anaitsuka, naithira mafuta, ndipo mwa chizolowezi dzanja lawo linapita pa shelefu ya zitini.

"Musaipake, atate," anatero Tryness ali pakhomo. Mawu ake analibe ukali. "Isiyeni choncho. Ndifuna ndizitha kuona pamene payamba kutha."

A Paison anabweza dzanja lawo. Lero Tryness amaphunzitsa ana a m'komboni pakhonde, ndipo atate ake ndiwo amamukankha popita kutchalitchi, pa njinga ya olumala yosupuka ija. Amacheza, nthawi zina amaseka, koma kalasi yake ya ku Chiparamba inapatsidwa kwa wina. A Paison akadalembabe zikwangwani. Wina akabwera ndi njinga kuti aikongoletse, amayamba aigadabuza n'kuyendetsa chala pansi pa khosi, ndipo mwini wake akadandaula kuti akuchedwa, amamuuza osakweza maso kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.