Chipewa cha Lenzi ya Zakeyu

Ndikulumbira pali manda a bambo anga! Ngati muli bodza ngakhale limodzi m'nkhaniyi, mano atatu anditsalirawa agwe lero lomwe. Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa, amene masiku amenewo ankaona nsabwe pamutu pa munthu ali tsidya la Bua.

Kalekale, ku Kamwendo kunali wojambula zithunzi, dzina lake Zakeyu. Kamera yake anachokera nayo ku migodi ya ku Joni, ndipo lenzi yake inali yaitali ngati munsi. Akaipotokola inkakoka zinthu zakutali n'kuzibweretsa pamphuno. Tsiku lina anajambula nayo njiwa ili ku Zambia, iye ali pakhonde pake, mpaka njiwayo inathothoka nthenga ndi kukokedwako. Koma lenziyo inali itataya chipewa chake, chija imavala kutsogolo kuti dzuwa lisalowe. Popanda chimenecho, ukaloza kumene kuli dzuwa chithunzi chimatuluka choyera mbuu, ngati wajambula utsi.

Zakeyuyo anali mkamwini, anakwatira Esitere, mwana wa aNangondo. Inu a lero simudziwa, kale mkamwini sankayandikira apongozi ake. Zaka makumi awiri awiriwa ankathawana panjira, wina kulowa m'chimanga, wina kubisala kuseri kwa nkhokwe. Komatu ankakondana. Iwo ankamutumizira nthochi, iye n'kumawatumizira fodya.

Ndiye aNangondo anadwala, ndipo lole inali yoti idzawatenge m'mawa wa Loweruka kupita nawo kuchipatala. Anaitana Esitere.

"Ukawauze amuna akowo andijambule ndisanapite. Agalu a eni awajambula, ine ayi. Koma asandiyandikire. Ndipo dzuwa likhale kumsana kwanga, sindifuna kutuluka wokwinya ngati nyani wadya bwemba."

Zakeyu atamva anagwira mutu. Dzuwa likakhala kumsana kwa apongozi, ndiye kuti lili m'maso mwa lenzi. Ndipo mu filimu munali mutatsala malo a chithunzi chimodzi chokha. Chikawonongeka chimenecho, nkhope ya aNangondo sidzaonekanso.

Woyamba kubwera anali Kwenda, mwana wamkulu wa aNangondo, wokhoma zidebe. Anayeza kukamwa kwa lenzi ndi luzi nati, "Alamu, musalire, ine ndakhomapo ndowa yosambiramo njovu." Anatenga chitini cha mkaka, nachidula, nachikhoma kuyambira m'mawa mpaka masana. Phokoso lake linagwetsa mango osapsa m'midzi itatu. Chipewa chinakwana ndithu. Koma Zakeyu atasuzumira anaphethira: mkati mwa chitinimo munkanyezimira, dzuwa likuvina kuposa kale.

Wachiwiri anali Esitere mwini wake, amene ankasoka zovala. "Achimwene, mwakhoma galasi loonera nkhope, osati chipewa," anatero. Analowa m'nyumba natulutsa siketi yake yakuda yopitira kutchalitchi, imodzi yomweyo, naidula m'mphepete. Anamata nsaluyo mkati mwa chitini mosasiya ndi kampata komwe. Munada bii, moti ntchentche inalowamo mpaka lero ikufunafunabe njira. Koma Zakeyu atasuzumiranso anaona kuti chipewa chatalika. M'makona monse munali mdima, ngati munthu akuyang'ana kumwamba ali pansi pa chitsime. Komanso akangoweramitsa kamera, chipewacho chinkagwa.

Wachitatu anali Lameki, chitsirizira kwa aNangondo, wokonza njinga, munthu wosakonda kutuluka thukuta. Anafika Loweruka lomwelo akutafuna nzimbe, lole ikulira kale kumsewu. "Alamu, potokolani pang'onopang'ono, mundiuze pamene mdimawo wathera." Anadulako kamzere, Zakeyu nasuzumira. Anadulanso, nasuzumiranso. Kachitatu makona anayera. Kenaka anang'amba chubu chakale cha njinga namanga chipewacho kuti ngakhale kamvuluvulu asachichotse. Ntchito yonseyo anaitha nzimbe isanathe.

Zakeyu anathamanga nakagona pamwamba pa chulu, kutsidya kwa dimba. ANangondo anakhala pampando, duku latsopano kumutu, dzuwa kumsana. Iye anapotokola lenzi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi awiri anaona nkhope ya apongozi ake pafupi. Sankadziwa kuti ali ndi kachipsera pachibwano.

"Uwauze afulumire," aNangondo anauza Esitere mofuula dala, "khosi landiwawa n'kukongolaku!"

Anaseka okha, ndipo pomwepo Zakeyu anadina.

Kuchipatalako aNangondo sanabwereko. Chithunzi chinatuluka chimodzi, chokongola moti nkhuku zawo zikachiona zinkathamangira kudzapempha madeya. Koma asanatsukitse china, mbuzi inalowa m'nyumba n'kudya negativi yonse, kafilimu kotsukira zithunzi kaja.

Maliro atatha, atatu aja anabwera kwa Zakeyu, chithunzi chili m'manja mwake, aliyense akuchifuna.

"Alamu, popanda chitini changa mukanamata nsaluyo pamphepo?" anatero Kwenda.

"Ine mpaka lero ndimapemphera mawondo ali pamtunda," anatero Esitere. "Ndipo bambo, musaiwale kumene mumagona."

"Inu nonse munapanga chinthu chosagwira ntchito," anatero Lameki. "Amayi akanatuluka ali m'chitsime."

Onse ankaseka, onse misozi ili m'maso. Zakeyu anayang'ana kachipsera kaja, ndipo mumtima mwake sankafuna kupatsa aliyense.

Mukuti chiyani kumbuyoko? Mbuzi sidya negativi? Zamkutu! Mbuzi imeneyo ndinkaidziwa ine, ndipo mwezi wathunthu aliyense woiyang'ana m'maso ankaonamo aNangondo akuseka. Khalani chete ngati simunaione. Inu enanu ndiuzeni: chithunzi n'chimodzi, sichidulika patatu. Zakeyu apatse yani, wokhoma chitini, wodula siketi, kapena wa nzimbe uja?