Mtsuko Wopatulika wa Nachanza

Makolo athu sadabadwire kuno kunsi kwa phiri la Msekanjiwa. Akuluakulu amati adachokera kuzambwe, kutsidya kwa Bua, pothawa nkhondo imene idawatenthera nkhokwe zaka ziwiri zotsatana, ndipo adayenda mwezi wathunthu, akazi atasenza mbewu, amuna atabereka okalamba kumsana. Adawatsogolera ndi mayi woumba mbiya dzina lake Msamatha, amene adanenetsa kuti sadzatula katundu kufikira atapeza dothi labwino la mtapo. Adalipeza m'dambo lathuli. Msamatha adabereka Tiyesenji, Tiyesenji adabereka Nachanza, mwini mbiri ino, ndipo Nachanza adabereka Esitere, amene adabereka amayi anga. Zimene ndalemba pano ndidazimva kwa atsibweni anga a Gelesomu ndiponso kwa amayi awiri okalamba a mumpingo mwathu, ndipo mawu awo sadasiyane.

Nachanza adakula akuona m'mene ankakhalira anthu otumikira ku kachisi wa mvula. Iwo ankayenera kukhala ozizira, ndiye kuti sankayandikira maliro, sankakhudza wodwala, ndiponso sankadyera mbale imodzi ndi munthu wamba. Choncho pamene kudabwera mphunzitsi Zakeyu, namanga sukulu yaudzu, nayamba kuphunzitsa kuti Mkhristu adzipatule kuti akhale wa Mulungu, Nachanza adamva mawuwo ndi makutu a ku kachisi. Adalowa kalasi ya ubatizo ndi mtima wonse, nasiya kupita kumaliro. Adaumbanso mtsuko waukulu, wosalala kuposa yonse imene adaumbapo, nalonjeza kuti madzi oyamba kulowamo adzakhala a ubatizo wake. Adaukhazika kuseri kwa chitseko atauvundikira ndi lichero, ndipo zaka zitatu za kalasi zidatha mtsukowo usanalaweko madzi.

Msuweni wake Nangondo, mkazi wa pakamwa posatopa, sankamupatsa mpata.

"Iwe msuweni woyera, mtsuko ujawu ukufungatira mazira? Adzaswa liti, tidzadye nawo anapiye?"

"Seka, mkazi wanga," ankayankha Nachanza mwa chisuweni chomwecho, "koma dzanja lako la fodyalo lisafikepo."

Mbusa ankafika kamodzi pachaka, wapansi, m'nyengo yotentha, ndipo wophonya tsikulo ankadikira chaka china. Kutatsala masabata atatu kuti Nachanza abatizidwe, m'mudzi mudagwa nthomba. Mwa mwambo, odwala adawamangira misasa kutsidya kwa dambo. Pakati pa dambolo padali mwala wafulati pomwe athanzi ankasiya chakudya, odwala n'kumadzatenga. Lamulo lidali lakuti munthu wodutsa mwalawo sabwerera kumudzi mpaka nthenda itatha, ndipo chiwiya chodutsa mwalawo sichibwereranso, chimaswedwa. Kumisasako kudapita anthu asanu ndi anayi, pakati pawo Nangondo ndi kamwana kake kakakazi.

Patapita masiku, chakudya chidayamba kugona pamwala, chifukwa padalibenso wa mphamvu zokwawa. Akuluakulu adafunafuna munthu amene adadwalapo nthomba kuti akasamale odwalawo, poti wotere siimugwiranso, ndipo m'mudzi monse adali Nachanza yekha amene adali ndi zipsera zake kuyambira ali mwana. Atamupempha, adaweramitsa mutu nakana mwaulemu, kuti iye adadzipatula, sangakhudze zonyansa ubatizo uli pafupi chonchi.

M'mawa mwake adapita kukasiya phala pamwala paja, napeza la dzulo likudyedwa ndi agalu. Akutembenuka, adamva mawu osasa kuchokera kumisasa.

"Msuweni woyera! Kamwanaka kakufuna madzi. Bwera nawo, sindikakuneneza kwa Mulungu wako."

Nachanza adapita kwa mphunzitsi akulira, namufotokozera zonse. Zakeyu sadamudzudzule. Adamuyalira mphasa, nadikira kuti misozi iphwe, kenaka adafunsa:

"Mayi, mtsuko uja mudaupatulira yani?"

"Mulungu, aphunzitsi."

"Nanga inuyo?"

"Mulungu yemweyo."

"Chabwino. Tsono lero mmawa, pamene Mwini mtsuko amapempha madzi, mudamva mawu akuchokera mbali iti ya dambo?"

Akuti Nachanza adafunsa ngati mbusa angadikire, ndipo mphunzitsi adamuuza zoona, kuti mbusa ali ndi midzi yambiri, sadikira munthu. Pamenepo mayiyo adadzuka, nakavundukula lichero lija. Mwamuna wake Kamtedza adamuuza kuti atenge mtsuko wakale, poti udzaswedwa ndithu, koma iye adati: "Ngati ndikupita ine wopatulidwa, mtsuko utsaliranji?" Kamtedza sadatsutsenso. Adakhala pansi namupotera nkhata yatsopano yaudzu wofewa, ndipo masiku onse otsatira ankasiya nkhuni pamwala paja zowaza kale tizidutswa, kuti mkazi wake asavutike ndi nkhwangwa. Amayi okalamba aja sankadumpha mbali imeneyi pofotokoza, ndipo inenso sindidafune kuidumpha.

Nachanza adatunga madzi pachitsime cha m'dambo, nadutsa mwala. Tsiku lomwelo chitsimecho chidaphwa, anthu a m'mudzi nayamba kukatunga kutali kuseri kwa phiri. Koma mtsuko uja sudaphwe. Ankamwetsa odwala, kuwasambitsa zilonda ndi kuwaphikira phala, madzi n'kutsikira pansi penipeni, koma kukacha ankapeza afika m'khosi. Zidatero masiku khumi ndi asanu ndi awiri. Mwa anthu asanu ndi anayi aja idamwalira nkhalamba imodzi yokha, ndipo Nachanza, amene kale ankathawa maliro, adaitseka maso ndi manja ake, naiika m'manda yekha.

Tsiku la ubatizo lidafika iye akadali kutsidya. Adamva nyimbo zikumveka kusukulu yaudzu ija, napitiriza kutakasa phala. Nangondo, amene tsopano ankatha kukhala tsonga, adamuyang'ana nati:

"Ndakudyera tsiku lako, msuweni."

"Khala chete umwe phala. Chaka chamawa si kutali."

Koma nyimbo zija zidayamba kukula, ndipo atasuzumira adaona gulu lonse likutsika m'dambo, mbusa ali patsogolo. Mbusayo atamva nkhaniyi kwa Zakeyu adati sangachoke m'mudzimo osaona mayiyo, ndipo poti lamulo lidaletsa kudutsa mwala, adakwera pamwamba pake, pamene sipadali kumudzi kapena kumisasa. Nachanza adabwera atasenza mtsuko wake, umene tsopano udali wakuda ndi utsi ndiponso wobenthuka pakamwa, nachita manyazi.

"Pepani abusa, ndidalonjeza kuti madzi oyamba adzakhala a ubatizo. Ndiye mwamwera anthu a nthomba."

"Mayi, ndabatiza ndi madzi a m'mitsinje yambiri," adatero mbusa, "koma oyera ngati awa sindidawagwirepo. Gwadani."

Adamubatiza pomwepo namutcha Dorika, Nangondo akululutira ndi mawu ake osasawo kuchokera pakhomo pa msasa.

Nthenda itatha, mwambo udayenera kutsatidwa. Dorika adanyamula mtsuko uja naumenyetsa yekha pamwala. Madzi adakhuthukira pansi pa mwalawo, ndipo sadaleke kutuluka kuyambira tsiku limenelo.

Kasupeyo alipo mpaka lero, timamutcha Pamtsuko, ndipo ngakhale zitsime zonse zitaphwa iye amangoyenderera. Khosi la mtsukowo, lakuda ndi lobenthuka, limasungidwa m'tchalitchi mwathu pansi pa gome. Ndipo mayi wa kwathu kuno akaumba kapena kugula mtsuko watsopano, sayamba wamwera yekha ayi. Amatunga madzi Pamtsuko, n'kufunsa anzake kuti, "Kodi lero kukudwala kwa yani?"