Dazi la Muimba

Padangokhala, ana inu, kale mbalame zonse zikadali m'mudzi umodzi, Muimba anali ndi nthenga zakumutu zokongola kuposa wina aliyense. Zinali zakuda bii, zonyezimira, ndipo m'mawa uliwonse ankazidzola mafuta a nsatsi.

Chaka china mtedza unabereka kwambiri. Zitatha kukolola, mbalame zinkasonkhana masana pansi pa mkuyu n'kumasewera makadi, kubetcherana mtedza. Aliyense ankalandira makadi atatu n'kuwabisa. Ukaona kuti ako ndi abwino, umawonjezera mtedza pamphasa. Ukaona kuti ndi oipa, umawaika pansi n'kudikira ulendo wina. Otsalawo amaonetsana, ndipo wa makadi aakulu amatenga mulu wonse.

Panalinso Mayi Bakha, wosewera mosapupuluma. Akagawa makadi, iye amasuzumira, n'kupukusa mutu.

"Awa ayi, ndaika pansi."

Agawanso, asuzumira, apukusa mutu.

"Awa ayi, ndaika pansi."

Muimba ankaseka. "Mayi, kodi munabwera kudzasewera kapena kudzafungatira mazira?"

"Ndikusewera ndithu, bambo," ankatero Bakha. "Kungoti mtedzawu ndinalima ndekha."

"Ine chibadwire sindinaikepo makadi pansi," ankatero Muimba uku akusisita nthenga zake.

Kupambana ankapambana ndithu, chifukwa timbalame ngati Timba ndi Mpheta tinkaopa mawu ake aakulu n'kumusiyira mulu, ngakhale makadi ake akhale achabechabe.

Tsiku lina anagawa makadi. Muimba anasuzumira ake, atatu onse aang'onoang'ono, osathandiza kanthu. Bakha anasuzumira ake, osapukusa mutu. Anangotapa mtedza n'kuthira pamphasa. Timba anaika pansi. Mpheta anaika pansi. Anatsala awiri.

Mkazi wa Muimba, amene anaima kumbuyo kwa mwamuna wake, anawaona makadi aja ndipo anamunong'oneza.

"Bambo a kunyumba, ikani pansi. Simukuona kuti mayiwa lero sanapukuse mutu?"

"Ndigonje pamaso pa bakha? Mbalame zonsezi zidzandiona bwanji?"

Muimba anathira lichero, Bakha anathira lichero. Muimba anathira dengu, Bakha anathira dengu. Anatumiza kunkhokwe, anatumizanso, mpaka nkhokwe ya Muimba inatsala pululu.

"Ndabetcha nthenga zakumutu kwangazi," anatero Muimba.

"Bambo, ganizani bwino," anatero Bakha. "Palibe akukukakamizani. Mukaika pansi pano, mupita kwanu ndi mutu wanu wabwinobwino."

"Onetsani makadi, mayi."

Bakha anatembenuza: mafumu atatu. Muimba anatembenuza timakadi take tija.

Bakha sanadzitame. Anati, "Mtedza nditenga, koma nthengazo khalani nazo. Ndikachita nazo chiyani ine, mutu wanga umakhalira kumira m'madzi?"

Apa Muimba akanangothokoza, nkhani ikanathera pomwepo. Koma anatukumuka.

"Ine sindimveredwa chisoni ndi bakha. Ndati ndabetcha, ndabetcha."

Anakweza zikhadabo zake n'kuyamba kudzisosola yekha. Zula, zula, zula, mpaka mutu wonse unatsala mbee, khosi lomwe.

Kenaka kamphepo kanadutsa. Muimba anadzigwira padazi n'kunena motsitsa, "Koma ndiye kukuzizira kumutu kuno."

Woyamba kuphulika ndi phwete anali mkazi wake. Timba anaseka mpaka kugwa pamphasa. Muimba anayesa kukwinya nkhope, koma atadziona m'madzi a mumtsuko umene unali pambali, naye anaseka, kuseka mpaka misozi.

"Mayi Bakha," anatero akupukuta m'maso, "makadi aja ndinadziwa pachiyambi pomwe kuti ndi oipa."

"Tonse tinadziwa, bambo. Khosi lanu linkanjenjemera."

Bakha anakoleza moto, nakazinga mtedza m'phale, mbalame zonse n'kudya mpaka kukhuta. Mpheta anayambitsa nyimbo, ndipo Muimba anavina pakati pa bwalo, dazi likuwala padzuwa. Pobalalika, Bakha anapereka madengu awiri kwa mkazi wa Muimba, lina la ana, lina la mbewu. Mkaziyo analandira ndi manja awiri msangamsanga, mwamuna wake asanatsegule pakamwa.

Mtedza unameranso mvula itagwa, koma nthenga zija sizinamerenso. Mukamuona Muimba lero ali pamtengo, dazi lake ndi lomwe lija.

Tsono ana inu, mukaona kuti zimene mwagwira sizikupambanitsani, zisiyeni msanga, manyazi asakuluzitseni ndi zimene munali nazo kale.