Munthu Wolembedwa Ntchito Yogwa

Kalekale, ana inu, kutsidya kwa nyanja ku Mangalande, kunali bwana wina wopanga kanema. Kanema wake anali wa nkhonya, mfuti ndi kuthamangitsana. Tsono anali ndi katswiri wake, mnyamata wosalala nkhope, amene anthu ankamukonda. Koma pakafika poopsa, katswiriyo ankakhala pampando n'kumamwa tiyi. M'malo mwake, amene ankavala malaya ake anali munthu wina wofanana naye msinkhu. Ameneyo ankangomutcha Wogwa, chifukwa ntchito yake inali kugwa basi. Iwe, usaseke, ana ake ankadya za kugwako!

Mumzindamo munalinso akuluakulu olemba m'nyuzipepala. Iwowa akayamikira kanema, anthu ankakhamukira kukaonera. Akamunyoza, holo inkangokhala pululu.

Kanema woyamba, Wogwa anadumpha pagalimoto ikuthamanga, ndipo anathyoka mkono. Olemba aja anati, "Zozizira. Ife tinaodzera."

Bwana anapsa mtima. Kanema wachiwiri, anamudumphitsa padenga la nyumba ikuyaka moto. Msana wonse unapsa. Olemba aja anati, "Zomwe zija. Palibe chachilendo." Ha! Anthu ake okhala pamipando yawofuwofu, oti sanagwepo ngakhale panjinga.

Tsono kachitatu bwana anatengera gulu lonse pamlatho wautali, m'nyengo yozizira koopsa. Pansi madzi akuda bii.

Anati, "Iwe Wogwa, lero udumpha wopanda chingwe. Olemba aja aone kuti ife sitisewera."

Wogwa anasuzumira pansi. Ndipo anavula malaya a katswiri aja, n'kuwaika pamapazi a bwana.

"Bwana, sindidumpha."

"Wati chiyani?"

"Ndati sindidumpha. Mkono ndinakupatsani. Msana ndinakupatsani. Moyo ayi, ndi wanga. Ofuna zoopsawo kawaitaneni adumphe okha, ine ndiwalembera m'nyuzipepala."

Bwana anachita thovu kukamwa. "Wamantha iwe! Ukachoka pano sudzaonanso ntchito mumzinda muno!"

"Chabwino. Koma ndichoka ndi miyendo yanga."

Ndipo anachokadi, osacheuka, anzake akumukuwiza.

Apo katswiri uja anaimirira. Nayenso zonyoza zija zinkamudya mumtima. Anati, "Ndidumpha ndekha. Olemba aja lero andidziwa." Anatola malaya, anavala, anakwera pachitsulo cha mlatho. Makina ojambulira anayamba kuzungulira. Ndipo anadumpha.

Ana inu, zimandiwawa ine kunena. Anamuvuula ali moyo, koma msana utathyoka. Sanayendenso mpaka imfa yake.

Kanema anatuluka. Olemba aja anabwera, anakhala pamipando yawo, anaonera mpaka kumapeto. M'mawa mwake nyuzipepala inati, "Za pamlatho zija n'zabodza. Aliyense akuona kuti anaponya chidole."

Chidole! Mwana wa munthu!

Wogwa uja ntchito sanaipezenso, bwana sananame. Anavutika, ankasenza katundu pamsika ndi mkono wake wopindikawo. Koma anakalamba, ndipo adzukulu ake anawanyamula paphewa.

Tsono mverani, ndipo musadzaiwale. Musamaike moyo wanu pachiswe pofuna kukondweretsa munthu amene wangokhala pansi n'kumaonera. Wotereyo sakhuta. Akakuuzani kuti dumphani, inu muziti ayi, ngakhale akutcheni amantha.

Yangayi nthano yathera pamenepo, ana inu.