Tsiku Limene Nachisale Anathokoza Mankhwala

Kalekale, mphwanga, agogo a agogo athu asanamere mano, kunali mudzi wina kuseri kwa phiri. Khala pansi. Wabwera wefuwefu ndi nkhani ya anamapopa, ndiye ndiyambe ndakuuza kumene inabadwira.

M'mudzimo munali mayi wina dzina lake Nachisale. Anali woumba mbiya. Mwamuna wake anamwalira kale, ndipo munda wake unali kachigamba chabe. Chimene chinkadyetsa ana ake ndi manja. Akaumba mphika, wina ankabwera ndi mawere. Akaumba mtsuko, wina ankabwera ndi nyemba. Moyo unkayenda choncho.

Tsiku lina mkono wake wamanja unatupa. Unatupa, unatupa, mpaka zala zinaleka kupindika. Dothi linauma m'dengu. Ana anayamba kusuzumira m'miphika ya eni.

Tsono kumapeto kwa mudziwo kunkakhala nkhalamba ina, a Mphonde. Anali obwera, ochokera kutsidya kwa mtsinje. Analibe mkazi, analibe m'bale. Anali owonda, osakonda macheza. Ntchito yawo inali ya nyanga. Munthu akatupa, kapena mutu ukamusautsa, iwo ankamutema timphini, n'kuvundikirapo nyanga yobowola kunsonga. Ankayamwa mpweya pakabowoko, n'kumata ndi phula. Nyanga inkakakamira pakhungu, magazi oipa n'kumasonkhana m'menemo. Akamatula, ankakhuthulira magaziwo m'kadzenje n'kukwirira.

Nachisale anapita kumeneko.

"Bambo, mkonowu undiphetsa ana ndi njala."

"Gonani pamphasapo, mayi," anatero a Mphonde.

Anapita lero, anapita mawa, anapita mkuja. Mkono unayamba kuphwa. Chala chimodzi chinapindika, kenaka china, kenaka zonse. Nachisale anagwada, misozi ili m'maso, n'kutsegula pakamwa. A Mphonde anakweza dzanja.

"Ayi, mayi. Mwaiwala? Mankhwala sathokoza. Mukathokoza, nthenda imabwerera."

Umenewo ndiwo unali mwambo wake. Wochira ankangonyamuka mwakachetechete ngati wakuba. Nkhuku ya malipiro ankaisiya pakhomo osanena kanthu. Sankayamika pamaso, sankayamika kumbali. Anthu ambiri m'mudzimo anali ndi mphini za a Mphonde pansi pa nsalu, wina kumsana, wina pantchafu, koma onse anali duu. Nayenso Nachisale anameza mawu ake. Anabwerera ku dothi lake, ana anayambanso kukhuta, koma mawu aja anamukhala pakhosi.

Koma pa tsiku lomaliza lija, mayi wina, Nangozo, ankadutsa ndi mtolo wa nkhuni. Nangozo ameneyu maso ake ankafika kumene miyendo yake sinaitanidwe. Anasuzumira pampata wa mpanda. Anaona Nachisale atagona chafufumimba, osagwedezeka. Anaona nkhalamba itawerama, pakamwa pali panyanga. Anaona magazi akutsika pamkono. Mtolo anautaya pomwepo.

Anakafika pachitsime.

"Ndaona a Mphonde akuyamwa nyanga, magazi ali chuchuchu."

Wa pachitsime anakanena pamtondo. "A Mphonde amayamwa magazi."

Wa pamtondo anakanena pamowa. "A Mphonde amamwa magazi a anthu."

Wa pamowa, iwe ukumudziwa munthu wa mowa, iyeyo anawonjezera mapiko. "Amauluka. Amalowa m'nyumba chitseko chili chitsekere. Umadzuka uli mbuu, magazi atapita."

Nkhani yoipa sifuna kamba wa paulendo, imadya pakhomo pamene yafika. Inayenda, inayenda, inanenepa.

Nachisale anaimva akutunga madzi.

"Si choncho," anatero.

"Nanga n'chotani? Tiuzeni, inu munali komweko."

Anayang'ana mkono wake. Kunena kuti anandichiritsa, kumeneko n'kuthokoza kale. Anasenza mtsuko n'kumapita.

"Mwaona?" anatero Nangozo. "Anamumanga pakamwa."

Chaka chomwecho kunagwa nthenda ya ana. Ankatentha thupi, zikhatho n'kuyera, m'maso n'kuyera. Amayi ankatembenuza timanja ta ana awo n'kumayang'anizana. Magazi apita kuti? Palibe ankadziwa nthendayo, koma aliyense ankaidziwa nkhani ija.

Ndiye mwana wa Chikadza anamwalira. Chikadza anali mlenje, munthu wabwino ndithu, wogawa nyama ngakhale kwa amasiye. Koma chisoni chikasowa pogwira chimagwira amene ali pafupi. Atachoka kumanda, iye ndi amuna ena sanapite kokasamba m'manja. Analunjika kumapeto kwa mudzi. Anaphwanya nyanga zonse ndi miyala. Anakoka a Mphonde mpaka pabwalo, n'kuwamangirira kumtengo ndi luzi, dzuwa lili paliwombo.

Mudzi wonse unasonkhana. Nachisale anafika manja ali dothi lokhalokha.

"Kuphompho," anatero Chikadza. "Akaponyedwe kuphompho, tione ngati auluka."

Mkulu wina wa imvi anaimirira.

"Munthu saphedwa ngati njoka. Tifunse kaye. Alipo pano amene munthuyu anamuchitirapo chabwino? Aimirire, anene. Akapanda kupezeka, mutengeni."

Pabwalo panati zii.

Mkuluyo anafunsanso. Zii. Mitu inawerama. Bambo wina anakoka nsalu kubisa phewa. Mayi wina anayamba kutola tizitsotso pansi ngati wataya mkanda. Ine ndikamafika pamenepa ndimapsa mtima, mphwanga. Theka la bwalo limenelo linkayenda ndi miyendo yodzutsidwa ndi nkhalamba yomangidwayo. Koma aliyense ankati, anene mnzanga, nthenda ibwerere kwa iye.

Nachisale anaweramitsa mutu. Anayang'ana zala zake. Anazipinda, anazitambasula. Anakumbukira dothi louma m'dengu, anakumbukira ana akusuzumira m'miphika ya eni. Mantha anamugwira, mantha enieni. Anati mumtima, ndili ndi ana ine, anene wina.

Kenaka anakweza maso. Anapeza a Mphonde akumuyang'ana. Nkhalambayo sinapemphe kanthu. Inangopukusa mutu pang'ono, kumuletsa. Munthu ali pakamwa pa imfa, koma akusamala mkono wa mwini.

Pamenepo Nachisale analephera kupirira. Anaimirira. Anadutsa pakati pa amuna ndi zibonga zawo. Anagwada patsogolo pa mtengo, n'kuwomba m'manja. Dothi louma linayoyoka.

"Bambo Mphonde, ndathokoza."

Anthu anagwira pakamwa.

"Mayi, mkono wanu," ananong'ona a Mphonde.

Iye anawombanso m'manja.

"Ndathokoza chifukwa cha zala izi. Zinali zitafa, munazidzutsa. Ndathokoza chifukwa cha ana anga. Ankagona ndi njala, lero amasiya mkute. Ndinayenera kunena kalekale, ndinaopa. Ndathokoza, bambo, ndathokoza."

Anatembenuka, n'kuonetsa anthu mphini za pamkono.

"Onani. Apa ndi pamene panali nyanga. Magazi anga sanamwe ayi. Anakwirira m'kadzenje kuseri kwa mpanda, ine ndikuona. Amene sakukhulupirira atenge khasu."

Palibe anatenga khasu. Anthu ankangoyang'ana mkonowo, kudikira kuti utupe pomwepo. Sunatupe.

Ndiye bambo uja wobisa phewa anatsokomola, n'kuimirira.

"Inenso phewali linkandisowetsa tulo. Ndathokoza."

Mayi uja wa tizitsotso anakwawa ndi maondo.

"Inenso mwendo. Ndathokoza."

Wina anaimirira, winanso, winanso. Nsalu zinatsika pamapewa, mphini zinaonekera. M'manja munawombedwa mpaka mbalame zinathawa mumtengo.

Pomaliza panadzuka gogo wina ndi ndodo yake. Anali mayi ake a Chikadza. Sanapite kumtengo, anapita kwa mwana wawo.

"Mwana wanga, mdzukulu wanga ndamulira ndipo ndidzamulirabe. Koma msana uwu umene ndinkamuberekera unali utapindika. Anauwongola ndi munthu wamumangayu. Ukamuponya kuphompho, mwana sadzuka. Tidzangokhala ndi maliro awiri."

Chikadza anayang'ana mayi ake. Chibonga chinagwa chokha. Anasolola mpeni wake wosendera nyama, n'kudula luzi lija ndi manja ake. Kenaka anakhala pansi n'kulira ngati mwana. A Mphonde, mikono ili mikwingwirima yokhayokha, anakhala pambali pake mpaka anatonthola.

A Mphonde anapulumuka choncho. Nthenda ya ana nayo inatha yokha nyengo itasintha.

Koma nkhani ija sinamangidwe ndi luzi. Inali itachoka kale ndi anthu ogulitsa mchere. Powoloka mtsinje inataya dzina la a Mphonde, inataya nkhope yawo, inatsala ndi magazi okha ndi mapiko. Kuyambira pamenepo imangoyendayenda. Ikapeza mudzi umene muli nthenda yosadziwika, imakhala pansi. Ikaona mlendo wopanda m'bale, imamuveka nkhope ija. Kale inkati nyanga, lero ikuti mapaipi ndi majakisoni, ndipo mwaipatsa dzina loti anamapopa. Ndimamva kuti ngakhale kutsidya kwa nyanja zamchere ali nayo yawo, akuti kumeneko oyamwa magaziwo amadzuka m'manda. Ine sindinafikeko. Koma ndikhulupirira kuti nakonso kunali wina anasuzumira pampanda, ndi ena ambiri amene ankadziwa zoona n'kukhala chete.

Ukufunsa za mkono? Dikira, ndikubwera komweko.

Nyengo yachisanu itafika, mkono wa Nachisale unatupanso. Enawo amene anathokoza sanamve kanthu, iye yekha. A Mphonde anasema nyanga zatsopano. Anatema mphini, anayamwa, anamata phula. Anayesa lero, anayesa mawa, anayesa mkuja. Kutupa kunaphwa, koma zala sizinapindikenso. Kaya ndi kuthokoza kuja, kaya ndi chisanu, kaya nthendayo inali itangobisala, ine sindidziwa ndipo sindikunamiza.

Nangozo anabwera kudzazonda, manyazi ali m'maso koma pakamwa pali pomwe paja.

"Pepani, anzanga. Mukanangokhala chete, bwenzi muli ndi manja awiri."

Nachisale anaseka pang'ono.

"Manja ndinali nawo awiri. A Mphonde moyo anali nawo umodzi."

Nangozo anatsanzika n'kumapita.

Koma kuyankha bwino sikudyetsa ana. Nachisale ankakhala pakhonde n'kumayang'ana dengu lopanda kanthu. Nkhawa inali yaikulu.

M'mawa wina anamva kugogoda kunja. Atatuluka, anapeza a Mphonde atagwada pamwala, akusinja dothi. Anali atalikumba okha kudambo, atalisenza okha pamutu.

"Bambo, mukutani?"

"Ine ndizigwira ndi kuzunguza, inu muziumba ndi dzanja lamanzere."

"Imeneyi ndi ntchito ya akazi. Anthu akusekani."

"Ananena kale kuti ndimauluka," anatero a Mphonde. "Akanena kuti ndimaumba, ndipumako."

Anakhala pansi awiriwo, dothi lili pakati. Mphika woyamba unagwa. Wachiwiri unagwa. Wachitatu unaima, wopendekera mbali imodzi ngati munthu wotchera khutu. Anauyanika, anauwotcha, sunasweke.

Woyamba kubwera kudzautenga anali Chikadza, atanyamula mwendo wonse wa gwape.

"Wakula mopitirira," anatero Nachisale. "Kamphika kopindika aka?"

"Landirani, mayi," anatero Chikadza. "Mukanapanda inu, bwenzi ndili ndi magazi a munthu m'manja mwanga."

Anaumba choncho zaka ndi zaka, manja atatu pa mphika umodzi. Ana anakula osagona ndi njala. Ndipo a Mphonde, amene anafika m'mudzimo opanda m'bale, atamwalira anaikidwa ndi ana a Nachisale, akulira kuti agogo athu apita.

Wamva, mphwanga? Mantha ali ndi pakamwa paliwiro, sadikira kuitanidwa. Munthu akakuchitira chabwino, nena akadali moyo, nena anthu akumva, ngakhale kunenako kukudyere kanthu. Ukakhala chete, wina adzamunenera zake, ndipo anthu adzakhulupirira zimenezo.

Apa ndiye pamene nthano yanga yathera.